Za ma trunfo mu Sueca zija, ndabweranso

Paja ndinafunsa kuti mu Sueca, masewera a makadi aja, ukagwira ma trunfo ambiri (makadi a mtundu umene umadula mitundu inayo) uziyamba nawo kapena uziwasunga. Zikomo nonse munayankha, ndayesa ndi anyamata kuno ku Tete ndipo zikuyenda bho. Ndikakhala nawo anayi kapena asanu ndikumawatulutsa msanga poti onse alipo 10 basi, enawo akawathera ma A anga amangodutsa osadulidwa. Koma 7 musamaponye A wake asanatuluke, ndi mapointi 10 amenewo, mulira. Chinanso mnzako akaoneka kuti watenga kale muponyere 7 kapena K, osamupatsa zinyalala ayi, pa mapointi 120 onse paja mukufunika 61 kuti mupambane. Vuto latsala ndi mnzangayu, sawerenga makadi amene atuluka, nde nditani naye abale?