Ndikufuna kuyamba kadimba kuseri kwa nyumba kuno ku Dedza koma kuzizira kwayamba, ndiyambire pati?

Wofunsa

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu odziwa za dothi. Ndithandizeni nzeru. Kwathu ndi ku Salima, koma chaka chino ndinasamukira ku Dedza boma chifukwa cha ntchito. Nyumba ndi ya lendi, ndipo eni ake andilola kulima kuseri, kamalo ka mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi. Chimanga ndinalimako kumunda kwa amayi ndili mwana, koma dimba langalanga sindinakhalepo nalo.

Chandikakamiza ndi ndiwo. Pakhomo tilipo asanu, ndipo kamtolo kamodzi ka rape sikakwana mphika wathu. Ndikufuna ana anga azidya masamba tsiku lililonse, ongothyola kumene, oti ndikudziwa chimene anathiridwa.

Tsono pano ndi Meyi, m'mawa zala zikuchita kuuma. Theka la malowo, mbali yogundana ndi khoma, silikuona dzuwa tsiku lonse, pomwe nditangofika mu Januwale linkawomba bwinobwino. Dothi ndi katondo wolimba, muli zidutswa za njerwa. Madzi ndi a pampopi, olipira. Mtima wanga uli pa tomato, therere ndi bonongwe, ndiwo zimene ndinakulira, kuwonjezera rape ndi anyezi. Kodi zimenezi zingapirire Juni wa kuno? Kapena ndidikire mvula? Ndipo manyowa ndiyambe ndi ati, poti feteleza wa thumba lonse sindingakwanitse?

Mayi wolima ku Bembeke

Takulandirani kwathu kuno, achemwali. Musadikire mvula ayi. Nyengo ya dimba ndi inoyi. Mvula ikabwera masamba amavunda, matenda amachuluka, pomwe m'chisanu muno mpiru, rape, chinese, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa zimakondwa. Koma therere lisungeni kaye m'botolo mpaka Seputembala. Limafuna kutentha kwa kunyanja kwanu kuja, kuno mu Juni lingomera n'kukhala chilili osakula. Bonongwe chimodzimodzi.

Poti ndi koyamba, musadzale zambiri. Mabedi atatu akukwanirani: awiri a masamba, limodzi mugawe anyezi ndi karoti. Fesani nazale sabata ino, pakona pamene dzuwa la m'mawa limayamba kufika. Mukafesa phimbani ndi udzu wouma mopepuka, zikamera muukweze pa timitengo kuti mbande zione kuwala. Mpiru ndi rape mumawokera pakatha milungu itatu kapena inayi, zikakhala ndi masamba anayi. Anyezi amachedwa, amatha milungu 6 mpaka 8 pa nazale. Karoti yekha safuna kuwokera, mufese pabedi pomwepo, akamera mupatulire.

Bambo wophunzitsa zaulimi ku sekondale

Nkhani ya mthunziyo musaipepuse, mayi, ndi imene ingakugwetseni mphwayi. Miyezi ino dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mthunzi wa nyumba umagwera kummwera. Malo anuwo ali kummwera kwa nyumba, n'chifukwa chake mu Januwale munkaliona dzuwa koma pano lathawa. Mthunziwo upitiriza kutalika mpaka cha pa 21 Juni, kenako uyamba kubwerera pang'onopang'ono.

Loweruka likubwerali mukhale pakhomo. Cha m'ma 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko mukhome tizikhomo pamene mthunzi walekezera. Mabedi mukumbe kunja kwa tizikhomoto, ndipo musiyeko malo pang'ono poti mthunzi udakakula. Masamba amafuna dzuwa la maola osachepera 4, anyezi ndi tomato 6 kapena kuposa. Mbali ya mthunziyo isakudandaulitseni, pamenepo ndi poika mulu wa kompositi ndi mgolo wa madzi. Ngati kumaso kwa nyumba kuli dzuwa lambiri, dzazani dothi losakaniza ndi manyowa m'matumba akale, muboole pansi, mudzalemo rape. Tsiku losamuka munyamula.

Mnyamata wa ku Lizulu

Ine pa tomato ndikuti yesani mayi. Ife kuno timalima ndithu nthawi yozizira, ndipo mtengo wake umakhala bwino.

Mayi wolima ku Bembeke

Achimwene, inu mumalima wogulitsa, muli ndi sipuleya ndi mankhwala, komanso mumadziwa malo amene chisanu sichikhala. Awa akuyamba kumene. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wopanda mitambo ndi mphepo, mu Juni kapena Julayi, chisanu chimatha kuwaula tomato, nyemba ndi maungu usiku umodzi wokha. Mudzuka mupeza masamba akuda bii, olefuka. Kukachita nkhungu masiku angapo, matenda a chiwawu amalowa. Ndiye pali kambozi kaja ka Tuta absoluta, koboola masamba ndi zipatso, kosamva mankhwala wamba. Afese tomato kumapeto kwa Julayi, awokere mu Ogasiti kukayamba kufunda, mitengo 10 yokha. Adya bwino asanafike Khirisimasi.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, mwandimasula, ndimaganiza kuti malowo ndi osathandiza. Tomato ndidikira Julayi monga mwanenera amayi. Nanga za manyowa ndi madzi? Aneba anga ali ndi khola la nkhuku, andiuza kuti ndikhoza kukatapa zitosi ulere.

Agogo opuma pa ntchito ku Mzuzu

Mwanawe, zitosizo landira ndi manja awiri, koma usathire zaziwisi, zimawotcha mbande. Uziunjike pamthunzi paja, usanjike ndi udzu wouma, masamba ndi phulusa pang'ono, uwaze madzi, uzitembenuza. Zikada, fungo n'kutha, ukalowetsa dzanja osamva kutentha, ndiye kuti zapsa. Kukazizira zimachedwerako, ndiye poyambira funa manyowa a ng'ombe akalekale, ofumbutuka. Pabedi la karoti usathire manyowa atsopano, amatuluka wamphanda.

Katondoyo umutipule mozama, khasu lilowe lonse, utole njerwa zonse. Bedi lisapose mita imodzi m'lifupi kuti uzifika pakati osapondapo. Poti kulibe mvula, mabedi akhale olowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe. Ukawokera, yala udzu pakati pa mbande, madzi ako achepa kwambiri. Thirira m'mawa dzuwa likatuluka, osati madzulo kuti masamba agone onyowa. Lowetsa chala m'dothi, ngati muli chinyezi tsiku limenelo usathire. Madzi otsukira masamba ndi mpunga usataye, ndi a dimba amenewo. Okhala ndi jiki kapena mafuta ayi.

Komatu nkhuku za anebazo zikaona mbande zobiriwira sizisiya kanthu. Mpanda wa udzu kapena mapesi uyambe wamanga usanafese. Umatchinganso mphepo ya mwera.

Mayi wa ku Area 25

Kuwonjezera pa agogowa, ngati mungapeze feteleza wopima pa kilo, funsani alangizi a zaulimi akuphunzitseni manyowa a Mbeya. Amasakaniza feteleza pang'ono, madeya, phulusa, ndowe ndi madzi, n'kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masiku 21. Chinanso, muzitembenuza masamba a rape kuona kunsi kwake. Nsabwe zimayambira kumeneko, zotuwa, zounjikana, makamaka kukayamba kufunda mu Ogasiti. Zikadali zochepa zifinyeni ndi zala kapena muwaze madzi a sopo pang'ono. Pothyola muziyamba masamba am'munsi, mtima wake muusiye, ndipo pakatha milungu itatu iliyonse muzifesako nazale ina kuti ndiwo zisadzathe nthawi imodzi.

Wofunsa

Ambuye akudalitseni nonse. Loweruka ndikhoma zikhomo ndi kuyamba mpanda, mbewu ya rape, mpiru, anyezi ndi karoti ndigula mawa. Funso limodzi latsala kwa amayi a ku Bembeke: nsawawa zija mwatchula, zingakwere pampanda wa udzuwo, kapena ndizidulire timitengo pazokha? Ndipo ndikadzala mu Meyi muno, maluwa ake sadzakumana ndi chisanu cha Julayi?