Apongozi anga a ku Sri Lanka apeza 19 pa 30 pa mayeso a kukumbukira, ndi matenda basi?

Anzanga, ndithandizeni maganizo, usiku wonse sindinagone. Ndili ku Britain kuno, mwamuna wanga kwawo ndi kufupi ndi Galle ku Sri Lanka. Amayi ake anabwera kudzakhala nafe chaka chatha bambo atamwalira, ndipo tikiti ndinalipira ndine. Ndikaweruka ntchito ya usiku ndimafikira kuwaphikira mpunga, pomwe mlamu wanga ali phee ku Colombo, ntchito kungoimba foni kuti ndiwo zanga zilibe tsabola. Mwezi watha anaiwala poto pamoto kawiri. Tinapita kuchipatala, anawatchulira mawu angapo kuti awabwereze pakapita nthawi, kuphatikiza mafunso ena. Anapeza 19 pa 30. Pano mlamu akuti ndawasokoneza mutu ndine, mwamuna wanga wangoti duu. Kodi 19 ndiye kuti ndi dementia, matenda a ubongo oiwalitsa aja?

Bambo wa ku Leeds: Achemwali, mapepala amenewo muponye uko. Bambo anga ku Dedza ankasunga m'mutu ngongole za anthu onse ogula mbatata popanda cholembera, koma mukanawafunsa deti la lero akanangokuyang'anani. Nthawi yawo inali mvula, kupalira, kukolola. Ndiye munene kuti anali odwala? MAYESO AWA SI ATHU.

Namwino Nachisale: Asisi, chachikulu mwasiya. Anawayesa m'Chingerezi kapena m'Chisinhala, chinenero cha ku Sri Lanka? Panali womasulira? Ali ndi zaka zingati, sukulu analekera pati? Popanda zimenezi 19 satiuza kanthu. Funsaninso dzina la mayesowo. Mayeso otchedwa MMSE ndi otchedwa MoCA onse ndi a pa 30 koma malire ake ndi osiyana.

Mayi wa ana atatu: Ine mlamu ameneyo ndiye wandinyansa. Wanga anandichita zomwezi amayi ake atadwala sitiroko, zaka zinayi ndikuwasambitsa, pamaliro osandipatsa ngakhale mpando. Muuzeni akwere ndege adzawasamale yekha.

Wophunzira za ubongo: Ndiwonjezere pa zomwe anena a namwino. Mayeso ena okumbukira mawu, otchedwa a Rey, ali ndi mawu 15, amawerengedwa kasanu, kenako amakupatsa mndandanda wina wokusokoneza, ndipo pakatha mphindi 20 mpaka 30 amafunsanso oyamba aja. Malikisi ako amayerekezedwa ndi a anthu abwinobwino a msinkhu wako, maphunziro ako ndi chinenero chako. Ukatenga mulingo wa anthu a ku America n'kuyezera gogo wa ku Galle, ungamupeze ndi matenda omwe alibe. Kumasulira kokha sikukwana. Mwa mawu asanu a MoCA ya Chingerezi muli "velvet" (mtundu wa nsalu) ndi "daisy" (mtundu wa duwa), zinthu zomwe gogoyo mwina sanazitchulepo. Komanso Chisinhala cholemba n'chosiyana kwambiri ndi choyankhula tsiku ndi tsiku, ndiye posankha mawu pamafunika kusamala. N'chifukwa chake ofufuza a ku Sri Lanka amayesa anthu awo kuti akhale ndi mulingo wawowawo. MMSE ya Chisinhala ilipo kuyambira 2002.

Bambo wa ku Leeds: Mwaona? Ophunzira omwe akuvomereza. Ndinanena ine!

Wophunzira za ubongo: Ayi bambo, sindinati mayeso ndi opanda ntchito. Ndati ayesedwe ndi oyenera. Poto pamoto kawiri si nkhani yoseweretsa.

Bambo wa ku Leeds: Iwe mwana, mkazi wanga wapsereza nyemba kangati chaka chino? Tikamugoneke m'chipatala? Mwangophunzira pang'ono basi mufuna nkhalamba iliyonse ikhale wodwala.

Mlongo mwa Ambuye: Tiziyamba ndi pemphero abale. Komanso mafuta a kokonati supuni imodzi m'mawa, azakhali anga anawathandiza.

Chimwemwe wa pa Joni: Anthu a ku Sri Lanka kokonati amadya tsiku lililonse mayi, mukawaphunzitse inu? 😂

Namwino Nachisale: Mafuta sachiza zimenezi chonde. Asisi, pemphani womasulira wa Chisinhala, NHS (zipatala za boma za ku Britain) imapereka mwaulere, ndipo asamasulire mwana wawo chifukwa achibale amathandizira mayankho mosadziwa. Funsani ngati ali ndi mayeso otchedwa RUDAS, anapangidwa ku Australia poganizira anthu a zinenero zosiyanasiyana, mawu ake okumbukira ndi zogula monga tiyi, mazira ndi sopo. Ayezedwenso magazi, vitamini B12 ndi chithokomiro, ndi makutu omwe. Munthu woferedwa mwamuna n'kusamukira dziko lachilendo, chisoni chokhacho chimaiwalitsa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi wa ana atatu mwandikhudza, mlamuyo waimbanso m'mawa uno akuti ndikufuna ndiwatayire kunyumba yosungira okalamba. Ine amene ndinagulitsa galimoto kuti abwere! Ndalira kwambiri.

Bambo wa ku Leeds: Musalire achemwali. Atumizeni kwawo akaone anzawo ndi kachisi wawo, mudzandiuza.

Namwino Nachisale: Asisi, pepani ndi za mlamuzo, koma simunandiyankhebe. Anawayesa m'chinenero chanji?