Tikufuna mkulu wa zamasewero pa yunivesite, koma komiti yagawikana

Mayi wa HR, Kempton Park

Akuluakulu, muli bwanji nonse kuno ku Joni? Ndithandizeni nzeru. Pa yunivesite yomwe ndimagwira ntchito, dzina ndisunge, tikulemba mkulu wa zamasewero onse: woyang'anira makochi, mabwalo, bajeti, ma bursary a osewera, komanso wotiimira ku USSA, bungwe la zamasewero a mayunivesite a ku South Africa. Mu komiti tilimo asanu, ine ndikuimira HR, ofesi yoona za antchito. Tasefa ma CV, atsala atatu.

Woyamba ndi bambo amene anasewerapo mpira wa miyendo mu ligi yaikulu, kenako n'kukhala kochi, ndipo zikho ali nazo. Akangolowa m'chipinda aliyense amadzuka. Wachiwiri ndi mayi amene wakhala akuyendetsa ofesi ya zamasewero pa koleji ina yaing'ono, wosadziwika, wolankhula motsitsa mawu. Wachitatu akuchokera ku kampani, ntchito yake yakhala yosaka ndalama za masiponsa, pa sukulu sanagwirepo.

A pampando ndi pulofesa wokonda mpira kwambiri, mtima wawo uli pa woyambayo, ndipo woimira ophunzira ali nawo mbali imodzi. A zachuma akufuna wachitatu. Intavyu yomaliza ndi sabata ya mawa. Ndikuopa kuti tisankha dzina m'malo mosankha munthu woti agwire ntchitoyo. Inu mukadatani?

Kochi wa mpira wa manja, Soweto

Achemwali, ine ndimagwira pansi pa anthu amenewa, ndiye ndikuuzeni mmene ntchito yawo imaonekera kuchokera kwa ife. Lachisanu madzulo atsikana anga ali pa geti ndi zikwama, tikupita ku Potchefstroom, basi sinabwere chifukwa pepala lolipirira lili pa tebulo la munthu wina osasainidwa. Nthawi yomweyo anyamata a rugby ndi a mpira wa miyendo akukanganirana bwalo limodzi lokhala ndi magetsi, ndipo physio, wothandiza osewera ovulala, ndi mmodzi yekha. Amene ndimamuimbira foni pamenepo ndi mkulu wa zamasewero. Sindimufuna kuti andiuze kaseweredwe, ukochi ndimaudziwa ndekha. Ndimafuna basi, bwalo ndi physio.

Ukochi ndi udindo uwu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kochi amaganiza za timu imodzi ndi gemu ya Loweruka. Mkuluyu ayenera kuganiza za masewero onse, ngakhale chess ndi karate zomwe palibe amazionera, ndipo ayenera kutha kukaniza kochi wa rugby ndalama popanda kuyambitsa nkhondo. Afunseni onse atatu kuti anakanizapo ndani chinthu, ndipo zinatha bwanji.

Wowerengera ndalama, Randburg

Ndikugwirizana ndi a kochiwa, koma a zachuma anuwo nawonso musawalole kuthamanga. Kupeza siponsa n'kwabwino, vuto ndi tsiku lomwe siponsayo wachoka. Tonse tinaona za Bidvest Wits, timu ya mpira wa miyendo yomwe inayambira pa yunivesite ya Wits: anatenga ligi mu 2017 ndi kochi Gavin Hunt, koma mu 2020 malo awo mu ligi anagulitsidwa kwa timu ya TTM ya ku Limpopo, timu ya zaka pafupifupi 100 n'kutha chomwecho. Zikho zinalipo, dzina linalipo. Chomwe chinagamula nkhani ndi mwini ndalama.

Ndiye ine ndikadawapatsa ntchito ya pamanja. Konzani bajeti yongoyerekeza ya tsamba limodzi, muli malipiro a makochi, maulendo, kukonza mabwalo, ma bursary, inshuwalansi ya osewera. Muwauze kuti siponsa wamkulu wasiya ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalamazo lapita. Aliyense akhale yekha m'chipinda ola limodzi ndi pepala ndi cholembera, kenako abwere afotokozere komiti zomwe wadula ndi chifukwa chake. Mudzaona msanga amene anagwirapo bajeti. Wodula inshuwalansi kapena physio kuti asunge ulendo wa timu yotchuka, ameneyo mumulembe mzere wofiira. Wonena kuti angopeza siponsa wina, mumufunse kuti pa miyezi itatu yomwe akusakayo makochi adya chiyani.

Wokonda mpira, Rosettenville

Inu nonse mukumuponda pansi bambo woyambayo asanayankhule n'komwe. Dzina limagwira ntchito, achimwene. Mwana waluso wa ku Limpopo kapena ku Eastern Cape ali ndi mayunivesite atatu omufuna, makolo ake amvera ndani? Amvera munthu amene anamuonapo pa TV. Onani Tuks, yunivesite ya Pretoria, wothamanga Akani Simbine ndi wosambira Tatjana Smith anatulukira kumeneko. Onani Wayde van Niekerk wa ku Kovsies, yunivesite ya Free State ku Bloemfontein, anathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 pa ma Olympics a ku Rio mu 2016. Yunivesite imadziwika ndi akatswiri, ndipo akatswiri amatsata akatswiri anzawo.

Kochi wa mpira wa manja, Soweto

Achimwene, zitsanzo zanuzo zili mbali yanga. Van Niekerk anaphunzitsidwa ndi Ans Botha, gogo amene anthu ambiri sankamudziwa mpaka tsiku la Rio lija. Tatjana anaphunzitsidwa ndi Rocco Meiring. Tuks ili ndi High Performance Centre, malo omwe anthu anakhala pansi n'kuwamanga ndi kuwasamala zaka zambiri. Funso ndi lakuti ndani mwa atatuwa angasunge kochi wabwino zaka khumi, kumulipira pa nthawi yake, dziwe losambiramo lili loyera, bwalo lothamangira losang'ambika. Ngati ndi bamboyo, alembedwe, ine sindikumukana. Koma aonetse.

Wa malamulo a ntchito, Midrand

Mayi, choyamba, musaonjezerenso china chokhudza anthu atatuwa pano. Zomwe mwanenazi zakwana. POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, inayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021, ndipo CV ya munthu ndi chinsinsi chomwe anakusungitsani.

Chachiwiri ndi chida chanu pa a pampando. Employment Equity Act ya 1998 imateteza ngakhale wofunsira ntchito, osati wolembedwa kale yekha, gawo 9 likunena zimenezo. Wosiyidwa akaona kuti pachitika tsankho, mwina chifukwa ndi mkazi kapena chifukwa cha msinkhu, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yokadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pa ntchito. Kumeneko adzafuna kuona chilengezo cha ntchito, mafunso omwe munafunsa ndi mapepala a malikisi. Ngati chilengezo chinati mukufuna munthu wodziwa kuyendetsa bajeti ndi antchito, inu n'kusankha chifukwa cha zikho, mudzayankha chiyani? Pitani kwa a pulofesawo ndi chilengezocho m'manja, mwaulemu, muwauze kuti mukuteteza iwo ndi yunivesite. Akuluakulu otere samva mukawauza kuti akukondera, koma amamva mukawauza kuti siginecha yawo ndi imene idzawerengedwe ku CCMA.

Ntchito ya bajeti yomwe anena a ku Randburg ndi yabwino, bola ikhale yofanana kwa onse atatu, nthawi yofanana, pepala lofanana. Mukafuna kugwiritsa mayeso a maganizo aja, gawo 8 likuti akhale otsimikizika mwasayansi komanso osakondera gulu lililonse. Masatifiketi atsimikizidwe, a kunja adutse ku SAQA, bungwe la boma lounika masatifiketi. Ndipo aliyense mu komiti alembe malikisi ake payekha, apereke kwa inu, kenako muzikambirana. Mukayamba n'kukambirana, woimira ophunzira angoyang'ana nkhope ya pulofesa.

Mphunzitsi wa pa yunivesite, Kensington

Pali mbali imodzi yomwe simunaikhudze ndipo ine imandiwawa. Osewerawa ndi ophunzira. Chiyambireni Varsity Cup, mpikisano wa rugby wa mayunivesite, mu 2008, ndi Varsity Football pambuyo pake mu 2013, magemu ali pa TV ndipo chikakamizo chopambana chakula. Mipikisano imeneyi ili ndi malamulo akuti wosewera akhale wophunzira weniweni amene akukhoza, ndipo timu yoseweretsa wosayenera imalangidwa. Koma pansi pa malamulowo pali ana. Ndaonapo mnyamata ataima pakhomo la ofesi yanga ndi ndodo zoyendera, bondo litathyoka, bursary yake yomangiriridwa pa kusewera, maphunziro atalephera awiri chifukwa sabata ya mayeso anali pa ulendo. Kwawo ankadikira digiri. Palibe wa ku zamasewero anabwera naye.

Funso langa kwa atatuwo likadakhala ili: mwa osewera omwe anadutsa m'manja mwanu, ndi angati anamaliza maphunziro, ndipo mukudziwa bwanji? Wachitatuyo sangayankhe chifukwa sanagwirepo pa sukulu, ndiye mumufunse kuti atani gemu yaikulu ikagundana ndi mayeso. Amene amasamaladi amayankha ndi nkhani za ana enieni, amakumbukira yemwe anavulala ndi komwe ali lero. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndiye tsegulani CV iliyonse ndi funso limeneli, ya mayi wofatsayo ndi yomwe.

Woyang'anira chitetezo pa mabwalo, Germiston

Ndiike changa mwachidule. Pa 11 Epulo 2001 anthu 43 anafa pa Ellis Park pa gemu ya Chiefs ndi Pirates, anapondana. Lamulo la chitetezo pa masewero la 2010, lomwe timalitcha SASREA, limafuna kuti gemu iikidwe m'gulu ndi apolisi malinga ndi kuopsa kwake, pakhale pulani ya chitetezo, azachipatala, ndi malire a anthu olowa. Gemu ya usiku ya ophunzira, mowa uli pafupi, geti limodzi, si nkhani yochepa. Mufunse aliyense kuti amakonzekera bwanji gemu yotere kuyambira sabata ziwiri isanachitike. Amene anachitapo ayamba n'kutchula ambulansi ndi mageti.

Muwafunsenso izi: mtsikana wabwera kudzanena kuti kochi wopambana kwambiri pa sukulupo akumuvutitsa, mawa kuli fainolo, mutani? Mvetserani ngati ayamba ndi mtsikanayo kapena ndi fainoloyo. Za mankhwala oletsedwa komanso za SAIDS, bungwe loyeza osewera pa mankhwalawa, muzikhudze, koma mwachidule.

Mayi wa HR, Kempton Park

Zikomo kwambiri nonse, mwandipepuza. Ndinapita kwa a pampando dzulo ndi chilengezo chija monga munanenera a ku Midrand. Poyamba anati tikufuna kusandutsa intavyu kukhala mayeso a Matric, koma atawerenga okha mzere wa bajeti ndi antchito anavomera. Anangopempha kuti pakhale funso la mmene munthu angakokere osewera aluso ndi masiponsa, ndipo ndaona kuti n'zoona, a ku Rosettenville mfundo yanu yalowa.

Ndiye zikhala motere. M'mawa aliyense ola limodzi ndi bajeti. Masana mafunso asanu ofanana: kukaniza munthu chinthu, osewera omaliza maphunziro, gemu ya usiku, dandaulo la mtsikana, ndi kukoka aluso. Malikisi ochuluka ndaika pa bajeti ndi pa ophunzira. Aliyense alemba payekha, ine nditolera tisanatsegule pakamwa.

Chatsala ndi ma referensi. Onse atatu alemba mabwana awo akale, ndipo mabwana amangoyamikira. Ndingaimbire anthu ena omwe sanawalembe?

Wa malamulo a ntchito, Midrand

Osaimba mwamseri, mayi, makamaka komwe akugwira panopa, mungamuchotsetse munthu ntchito. Alembereni onse atatu kalata imodzimodzi yopempha maina ena awiri ndi chilolezo cholembedwa choti muwaimbire: mmodzi amene ankagwira pansi pawo, wina wa ku ofesi ya zachuma komwe ankapereka malisiti. Mukaimba mufunse zinthu zogwirika. Malipoti a ndalama ankabwera pa nthawi yake? Makochi ankachoka angati pa nthawi yake, ndipo chifukwa chiyani? Mulembe mayankho tsiku lomwelo, muike mu fayilo limodzi ndi malikisi.

Kochi wa mpira wa manja, Soweto

Pa wa pansi pawoyo, pemphani kuti akhale kochi wa masewero aang'ono kapena wa timu ya atsikana, osati wa rugby kapena wa mpira wa anyamata. Amenewo ndi amene amadziwa ngati basi inkabwera.