Gettysburg kapena Vicksburg? Ndithandizeni kuchonga funso ili

Wachoko: Aphunzitsi anzanga, ndathedwa nzeru. Malikesi akufunika mawa m'mawa, ine ndikadali ndi mulu wa mapepala. Funso lake: ndi nkhondo iti inatembenuza zinthu pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya pakati pa a Kumpoto ndi a Kummwera, 1861 mpaka 1865? Marking scheme yomwe ndapatsidwa ikungoti Gettysburg. Tsono mtsikana wina walemba Vicksburg, ndipo walemba bwino zedi. Akuti Grant, mtsogoleri wa asilikali a Kumpoto, atalanda mzindawu pa 4 Julayi 1863, linga la a Kummwera la Port Hudson n'kugwanso patangopita masiku asanu, mtsinje wonse wa Mississippi unalowa m'manja mwa a Kumpoto, a Kummwera n'kuduka pakati, Texas ndi Arkansas kutsala tsidya lina. Wajambula ndi kamapu ka pensulo m'mphepete mwa pepala. Ndim'patse ziro mwana ameneyu? Mtima ukundikana.

Mdala wa Mbiri: Achimwene, Gettysburg basi. Lee, mtsogoleri wa asilikali a Kummwera, anali atalowa mpaka ku Pennsylvania, dera la Kumpoto komwe kuli Gettysburg. Anamenyana masiku atatu, 1 mpaka 3 Julayi, tsiku lomaliza anthu a Pickett, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Lee, anathera pabwalo poyera, ndipo Lee sanadzayesenso kulowa Kumpoto ndi gulu lake lonse. Amene analemba scheme sanali kugona.

Mayi Fomu 4: Bambo, nanga wina akalemba Antietam mutani? Pa 17 Sepitembala 1862, tsiku limodzi lokha, anthu pafupifupi 23,000 anafa, kuvulala kapena kusowa. Lee atabwerera, Pulezidenti Lincoln anapeza poimira, pa 22 Sepitembala n'kulengeza kuti akapolo a m'madera oukira a Kummwera adzakhala mfulu kuyambira 1 Januwale 1863. Kuchokera pamenepo Britain zinamuvuta kuonekera kumbali ya eni akapolo, ngakhale mafakitale ake a nsalu anali ndi njala ya thonje. Ine ndinakumana nazo chaka china. Mnyamata anayankha choncho, ndinam'dula potsatira scheme, anabwera ku staff room atagwira pepala lake manja akunjenjemera, akufunsa pomwe analakwitsa. Ndinasowa chomuuza. Mpaka lero zimandiwawa.

Wakumapiri: Chenjerani koma. Musasinthe scheme panokha usiku uno. Mukapereka malikesi a Vicksburg kwa mmodzi, muyenera kubwereranso mapepala onse, ndi a kalasi inayo omwe akuchonga mnzanu. Ana amafananiza mapepala akangowalandira. Kwathu kuno kholo linafika ndi mapepala awiri, la mwana wake ndi la mnzake, yankho limodzi malikesi osiyana, nkhani inathera kwa ahedi. Imbirani a HOD tsopano, ndipo zomwe mugwirizane zilembedwe. Zapakamwa amakana.

Mdala wa Mbiri: N'zomwe ndikunena. Mukatsegula khomo kwa Vicksburg, mawa wina abwera ndi zake. Gettysburg basi.

Wachoko: A HOD sakuyankha foni. Komanso bambo, ngati Gettysburg inamaliza nkhani, bwanji nkhondo inapitirira mpaka Lee anadzagonja ku Appomattox pa 9 Epulo 1865? Ndi pafupifupi zaka ziwiri zimenezo.

Mphunzitsi Watsopano: Pepani akuluakulu ndilowerere. Ku koleji tinkakangana za Atlanta. M'chilimwe cha 1864 anthu Kumpoto anali atatopa ndi maliro, Lincoln mwiniwake ankaganiza kuti aluza chisankho kwa McClellan. Sherman, mtsogoleri winanso wa asilikali a Kumpoto, atalowa mumzinda wa Atlanta kumayambiriro kwa Sepitembala mphepo inasintha, Novembala Lincoln n'kupambana. Vuto ndi funso lenilenilo, likufunsa maganizo koma scheme ili ndi yankho limodzi.

Mayi Fomu 4: Zoona mwanawe, koma zimenezo ukazinene pa msonkhano wa dipatimenti, osati pakati pochonga. Achimwene a Wachoko, pepala la mtsikanayo liikeni pambali, mulembe malikesi ndi pensulo kaye. Musagwire cholembera chofiira.

Mdala wa Mbiri: Zaka zonse ndaphunzitsa, buku lililonse lomwe ndagwira limaika Gettysburg patsogolo. Mwana aphunzire kuyankha zomwe wochonga akufuna, apo ayi mayeso akuluakulu adzalira.

Wakumapiri: Ana ambiri amathawira ku Gettysburg chifukwa Vicksburg simveka popanda mapu. Ine ndimajambula Mississippi pabolodi ndi choko, kuchokera pamwamba mpaka ku New Orleans, n'kuwafunsa kuti ng'ombe za ku Texas ziwoloka bwanji. Alipo ali ndi mapu a pakhoma a America oti andibwereke teremu ikubwerayi? Athu anadyedwa ndi chiswe.