Mbiri ya dizaini kwa ophunzira a chaka choyamba: tiyambire pati?

Mphunzitsi wa chaka choyamba:

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru pa phunziro la mbiri ndi mfundo za dizaini, lomwe ndikuphunzitsa ophunzira ongofika kumene ku yunivesite. Silabasi imayambira pa Gutenberg, wosindikiza mabuku wa ku Mainz, cha m'ma 1450, n'kudutsa pa William Morris, katswiri wa zaluso wa ku England, sukulu ya dizaini ya Bauhaus ya ku Germany ndi akatswiri a zilembo a ku Switzerland, mpaka kufika nthawi ya kompyuta. Kuloweza akuloweza ndithu: aliyense akudziwa kuti Walter Gropius anatsegula Bauhaus ku Weimar mu 1919 ndiponso kuti sukuluyi inatsekedwa ku Berlin mu 1933. Koma akalowa mu situdiyo kukapanga positala, palibe chosonyeza kuti anamvapo zimenezi, ndipo ukawafunsa chifukwa chomwe asankhira zilembo zakutizakuti amangoyankha kuti zikuoneka bwino. Kodi vuto lili pa silabasi kapena pa kaphunzitsidwe?

Mphunzitsi wa zilembo ndi zosindikiza:

Mayi, ine ndikuona kuti vuto ndi loti ophunzira akupatsidwa mayankho a mafunso amene sanadzifunsepo. Apatseni kaye vuto lomwe katswiri wakaleyo anakumana nalo, dzina lake lidzabwere pambuyo. Mwachitsanzo, auzeni ajambule njira za maminibasi a mu Blantyre, kuchokera m'tauni kupita ku Limbe, Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ndi Bangwe, moti mlendo athe kuzimvetsa atangoyang'ana kamodzi. Ambiri adzayesa kutsata makhotakhota onse a msewu, ndipo masiteji a pakati pa tauni adzathithikana osawerengeka. Akavutika choncho, aonetseni mapu a sitima zapansi pa nthaka za ku London omwe Harry Beck anajambula ndipo anasindikizidwa mu 1933. Beck anawongola mizere yonse kuti ikhale yoimirira, yopingasa kapena yopendeka madigiri 45, anakulitsa dera la pakati pa mzinda, ndipo anasiya kusonyeza mtunda weniweni, poona kuti wokwera sitima amafuna kudziwa potsikira ndi posinthira basi. Wophunzira amene walimbana ndi siteji ya Ginnery Corner papepala lake adzamvetsa zomwe Beck anataya ndi zomwe anapindula.

Chimodzimodzinso Bauhaus. Josef Albers, mphunzitsi wa pasukuluyi, ankapatsa ophunzira ongoyamba pepala wamba kuti alipinde ndi kulidula mpaka liime lokha popanda guluu. Zimenezi zimatheka ndi nyuzipepala zakale, ngakhale tsiku lomwe magetsi athima ndipo pulojekita siikugwira ntchito.

Mphunzitsi wopuma pantchito:

Ndikugwirizana nanu, Bambo, koma ndichenjezepo pang'ono. Mukasiya ndondomeko ya zaka, ophunzira adzatuluka ndi nkhani zosangalatsa zomwe sizikulumikizana, ndipo adzaganiza kuti Morris ndi Gropius ankagwira ntchito nthawi imodzi, pomwe Morris anamwalira mu 1896, Gropius ali mnyamata. Chikhalirecho mkangano wawo ndi umodzi woyenda ndi nthawi: Morris anakana katundu wosalongosoka wa m'mafakitale n'kubwerera ku ntchito za manja, pomwe Bauhaus, makamaka kuyambira 1923, inavomereza makina ndi kufuna kuwapangira zinthu zabwino. Amene sakudziwa chomwe chinayamba sangamve kuti wachiwiri ankayankha woyamba. Matani pepala lalitali pakhoma la situdiyo, mulembepo zaka, ndipo ntchito iliyonse ikatha ophunzira okha aziika chithunzi cha chinthucho pamalo pake.

Mphunzitsi wa zansalu:

Chomwe chikundidandaulitsa ine n'chakuti silabasi yonseyo ikuchitikira ku Ulaya, ngati kuti ophunzira athu sanaonepo dizaini asanafike kwa ife. Sindikunena kuti muonjezere sabata imodzi ya Africa kumapeto kwa semesita, yomwe nthawi zambiri imadyedwa ndi kukonzekera mayeso. Ndikunena kuti zitsanzo zathu zinyamule mfundo zomwezo kuyambira pachiyambi. Mukafuna kuphunzitsa za zizindikiro ndi matanthauzo ake, mbendera ya Malawi ndi yokwanira: dzuwa lofiira lotuluka la 1964 linasinthidwa mu 2010 kukhala dzuwa loyera lathunthu, kenaka linabwezeretsedwa mu 2012, ndipo mkangano wonse unali pa funso loti chithunzi chikunenanji za dziko komanso ndani ali ndi mphamvu yochisintha. Chitenje nachonso chili ndi ulendo wautali, chifukwa nsalu zosindikizidwa ndi phula zinayamba ngati njira ya mafakitale a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, yotsanzira nsalu za batik za ku Java m'dziko la Indonesia. Pamenepo muli kale nkhani ya Morris ya manja ndi makina, komanso ya malonda a nthawi ya atsamunda. Pa zilembo, ikani mtundu wa zilembo wa Helvetica wa 1957 pambali pa zilembo zomwe Nolence Mwangwego anapangira zilankhulo za ku Malawi, zomwe zinakhazikitsidwa mu 1997, ophunzira akambirane zomwe wopanga zilembo amayenera kuganizira kuti anthu aziwerenga ndi kulemba mosavuta.

Mphunzitsi wa zilembo ndi zosindikiza:

Ndionjezepo za mayeso, popeza ophunzira amawerenga zokhazo zomwe zili ndi malikisi. Ngati funso likhalabe lofuna chaka chomwe Bauhaus inasamukira ku Dessau, adzaloweza 1925 n'kusiya zina zonse. Apatseni chinthu chomwe sanachionepo m'kalasi, monga chikwangwani cha golosale kapena ndalama yapepala, alembe tsamba limodzi lofotokoza zomwe wopangayo anasankha ndi mwambo wa dizaini womwe zikufanana nawo, ndi umboni wochokera pa chinthucho.

Mphunzitsi wa chaka choyamba:

Zikomo kwambiri nonse. Silabasi sindingathe kuisintha pakati pa chaka popanda chilolezo cha dipatimenti, koma kaphunzitsidwe ndi ntchito za m'kalasi zili m'manja mwanga. Mutu uliwonse uziyamba ndi ntchito ya manja, zaka ziziikidwa pakhoma monga anenera achikulire, ndipo mbendera ilowa pa mutu wa zizindikiro. Bambo, munganditumizire mlozo womwe mumagwiritsa ntchito pochonga tsamba limodzilo? Kalasi yanga ndi yaikulu, ndipo ndikufuna kuti ondithandiza kuchonga azipereka malikisi mofanana.