Chassis ya ma skate a hockey: Hi-Lo kapena ya 80 onse pa simenti wa kuno ku BT?

Mfana_waChilomoni

Moni nonse mgulu muno. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ma skate a hockey a matayala aja. Ndili ndi jombo za Bauer zomwe ndinazipeza pa kaunjika ku Limbe, ndi za pa ayezi, kunsi kwake kuli chipulasitiki ndi chitsulo chakuthwa chija, koma jombo yake ndiyolimba bwino komanso ikundikwana ndendende, size 8. Nde ndikufuna ndichotse za ayezizo ndimangepo chassis, chitsulo chija chogwira matayala kunsi kwa jombo. Achemwali anga ali ku Joni akubwera mu December, ati ndiwatumizire chithunzi cha chomwe ndikufuna andigulire, vuto ndi loti pa intaneti mitundu yachuluka, ena akuti Hi-Lo ena akuti straight 80, kwinaku magnesium kwinaku Marsblade, mutu wazungulira. Timasewera pa court ya basketball ya simenti Loweruka masana, mpira osati puck (kambale kolimba kaja komwe amamenya pa hockey) chifukwa puck pa simenti wokhakhala imangogudubuka. Ndimalemera ma kg 80 ndi kanthu. Ndalama yake ndi yogulira kamodzi basi sindingabwereze, nde ndithandizeni ndisankhe iti.

Madala_Soche

Achimwene, musanayang'ane dzina la chassis yambani mwadzifunsa kuti matayala akatha muziwatenga kuti. Kuno kwathu nkhani yagona pamenepo. Chassis mugula kamodzi koma matayala pa simenti wathuyu amadyeka ngati sopo, ndipo palibe shopu mtauni muno yomwe mungalowe nkunena kuti ndipatseni a 76 awiri ndi a 80 awiri.

Hi-Lo tanthauzo lake ndi loti matayala awiri akutsogolo ndi aang'ono, akumbuyo aakulu. Ya akulu masiku ano imakhala 76-76-80-80, zakale zina zinali 72-72-80-80. Anaitchukitsa ndi a Mission, ndipo Bauer itagula kampaniyo mu 2008 ma skate ake a matayala nawo amabwera ndi Hi-Lo. Cholinga chake nchoti zala zikhale pafupi ndi pansi, thupi lizipendekera kutsogolo pang'ono, munthu uzinyamuka msanga. Straight 80 ndi matayala anayi ofanana, onse 80mm, monga Hum'er ya kampani ya Labeda yomwe inkapezeka pa ma skate a Tour, ndipo a kampani ya Alkali nawonso ankakonda ya onse ofanana.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga ya onse ofanana. Chifukwa choyamba, 80mm ndi size yomwe ilinso pa ma skate wamba othamangira mumsewu aja, nde mukapeza peyala yothaitha pa kaunjika koma matayala ake ali bwino, mumagula nkuchotsa matayalawo basi zatheka. Chachiwiri ndi kasinthidwe kake. Tayala limadyeka kwambiri mbali yamkati, ndipo lakutsogolo limatha msanga kuposa apakati, nde umayenera kumawasinthanitsa, loyamba lipite pachitatu, lachiwiri pachinayi, uwoloketse kupita phazi linalo kuti mbali yomwe inali mkati ikhale kunja. Pa straight tayala lililonse limalowa paliponse. Pa Hi-Lo la 80 simungaliike kutsogolo, likhula soli kapena likana kuzungulira kumene, nde mumangosinthanitsa awiriawiri. Komanso tayala lalikulu limadutsa bwino pa ming'alu ndi timiyala, ndipo ma court athuwa ming'alu ndi timiyala sizisowa, mwezi wa October fumbi lokhalokha.

Achemwali anuwo muwauzenso za kulimba kwa matayala, asangotola okongola. Nambala ija yokhala ndi A kumapeto ndi yomwe imasonyeza kulimbako. A 74A ndi 76A ndi ofewa, anapangira ma court a matailosi a pulasitiki a mnyumba, pa simenti wokhakhala amanyotsoka masewero ochepa. Inu mukufunika 82A mpaka 84A, makamaka ndi thupi lanulo.

NaBanda_Skates

Madala mwanena zoona pa matayala koma pa Hi-Lo ndikutsutsaniko pang'ono. Ine ndimasewera ndi Hi-Lo ndipo pa court ya basketball ndi pamene imaoneka ubwino wake. Court imene ija ndi mamita 28 kwa 15 basi, hockey yeniyeni ya matayala amasewera pa malo a mamita 40 mpaka 60 mulitali, nde ifeyo sitifika nkomwe pa liwiro lomwe matayala aakulu amathandiza, ntchito yathu ndi kunyamuka, kuima, kukhota, kunyamukanso. Pamenepo chassis yaifupi ndi yotsika imapambana. Matayala anayi a 80 kuti asagundane, kuchoka pa ekiselo yoyamba kufika yomaliza pamafunika pafupifupi 243mm, pomwe 76-76-80-80 imafupikirapo ndi mamilimita angapo, zimaoneka zochepa pa pepala koma phazi limamva.

Ndipo nkhani yosinthanitsa ija ili ndi mbali ina yomwe simunaitchule. Tayala la 80 likadyeka kumbuyo nkufika cha mma 76, silinathe ntchito, limapita kutsogolo nkukhala lakutsogolo. Nde umangogula a 80 atsopano oika kumbuyo, akale aja akutsikira kutsogolo. Pa straight, akadyeka mosiyana skate imayamba kugwedera pokhapokha uziwasinthanitsa pafupipafupi. Chofunika nkukhala ndi kena koyezera, ngakhale rula, kuti awiri akutsogolo azifanana.

China chomwe achimwenewa ayenera kudziwa poti jombo zawo ndi za pa ayezi. Chassis ya 80 onse monga Hum'er inapangidwa yotsika, nde tayala lachiwiri limafika pa soli, ma skate obwera nayo kuchokera ku fakitale soli yake amakhala ataigoba kale kamphako pamenepo. Jombo ya ayezi ilibe kamphakako, ndye kuti mugobe nokha, ndipo mukapyoletsa mwaononga jombo yomwe simuipezanso. Hi-Lo vuto limeneli imalizemba chifukwa pansi pa zala pali matayala aang'ono. Kwa ine chimenechi chokha chikukwanira kuti munthu woyamba kumene kusintha jombo atenge Hi-Lo.

Mfana_waChilomoni

Zikomo Madala, zikomo achemwali. Za kugoba solizo zandiopsa ndithu. Nanga za magnesium ndi Marsblade zija? Komanso ikafika ndipite nayo kwa ndani akandimangire, wosoka nsapato angathe?

Fundi_GinneryCorner

Aise, ine ntchito yanga ndi ya zitsulo nde ndiyankhe mbali imeneyo. Magnesium isiyeni. Ndiyopepuka zoona, nchifukwa chake amaiika pa ma skate odula a anthu osewera mnyumba, koma imadana ndi chinyezi, penti ikangokalika imayamba kudyeka, ndipo nyengo ya mvula kuno mukuidziwa. Ikang'aluka musaganize zoti mupita nayo ku Ndirande akaiwotcherere, magnesium imafuna makina ndi waya wakewake, zinyenyeswa zake zimayaka moto woopsa. Za pulasitiki nazo ayi, ma kg 80 pokhota mwamphamvu zimapindika, mphamvu yanu imathera mmenemo. Za chitsulo chopyapyala chongopinda, zidutswa ziwiri zolumikiza zomwe zimakhala pa ma skate otchipa, zimalemera komanso zimakhota pakapita nthawi, mabowo a ekiselo nkuyamba kukula.

Funani aluminiyamu ya chidutswa chimodzi, yolembedwa extruded kapena CNC. Muona manambala 6000 series kapena 7000 series, pena amalemba 6061 kapena 7075. Ya 7000 ndiyolimba kwambiri koma yodula, ya 6000 ikukwanirani bwinobwino. Dziwani kuti zonsezi zikathyoka kuwotcherera si nzeru, 7075 siwotchereka ndi njira wamba, 6061 imatheka koma malo owotchawo amafewa chifukwa kulimba kwake kumachokera ku kaphikidwe ka ku fakitale. Nde ngati achemwaliwo akugula yogwiritsidwapo kale ntchito ayang'anitsitse mozungulira mabowo a ekiselo ndi pomwe pamakhala ma riveti, mng'alu umayambira pamenepo, kakang'ono ngati tsitsi.

Tsopano kumanga. Chassis ya hockey simangidwa ngati ya ma skate a mumsewu. Zija zili ndi mabawuti awiri pakati otalikirana 165mm, zina UFS, zina mabawuti atatu a Trinity, zonsezo sizilowa pa jombo ya hockey, achemwali asapusitsidwe poona kuti yatchipa. Ya hockey ili ndi mbale ziwiri zathyathyathya, ina pansi pa zala ina pa chidendene, zokhala ndi timabowo mmbali, ku fakitale amakhoma ndi ma riveti achitsulo ndi ena a kopa. Makina okhomera ma riveti a skate kuno ndi ovuta kupeza, nde njira yabwino ndi mabawuti ang'onoang'ono a M4 ndi ma T-nut, nati yathyathyathya ija imakhala mkati mwa jombo pansi pa insole osakubayani, bawuti kuchokera kunja. Ubwino wake mawa mukafuna kusuntha chassis mumangomasula. Pakani thread lock, kaguluu kogwira bawuti kuti isamasuke, pa bawuti iliyonse, apo ayi kunjenjemera kwa simenti kumamasula.

Ma riveti akale achotseni podula mitu yake kapena kuwaboola ndi dirilo pang'onopang'ono, osakanula ndi sikuludiraiva mungaswe soli. Mabowo akale sagwirizana ndi atsopano, atsekeni ndi epoxy yosakaniza ziwiri ija iume tsiku lonse musanaboole ena, makamaka ngati bowo latsopano likugwera pafupi ndi lakale. Ndipo apa ndi pomwe ntchito yonse imakomera kapena kuipira: mzere. Jambulani mzere kunsi kwa jombo kuchokera pakati pa chidendene kukadutsa pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, matayala atsate mzere umenewo. Mangani mabawuti awiri okha kaye, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, valani muimirire, ngati kakolo akugwera mkati sunthirani chassis mkati pang'ono, kenako ndi pomwe muboole otsalawo. Wosoka nsapato angathandize kuchotsa ma riveti koma kuboola pitani kwa munthu wa dirilo yoima pa tebulo, ndipo inuyo mukhalepo, mzerewo sangaudziwe yekha poti phazi ndi lanu.

Madala_Soche

Fundi wafotokoza bwino. Achemwali a Banda, pa kugoba soli ndavomera, jombo ya ayezi Hi-Lo imakhala yosavuta kumanga, ngakhale ena amathana nazo poika kambale kopyapyala pakati pa soli ndi chassis kuti ikwere pang'ono. Koma pa matayala ndikadali pomwe ndinaima, amene atenga Hi-Lo atengeretu a 76 okwanira chifukwa kudikira kuti a 80 adyeke mofanana si nthawi zonse zimayenda mmene mwaneneramo, simenti amadya chammbali, tayala limasongoka lisanafupike.

Marsblade ndi ya ku Sweden. Ili ndi zigawo ziwiri, chapamwamba chimayendayenda pa chapansi kuti skate izipendama kutsogolo ndi kumbuyo monga imachitira pa ayezi. Mtundu wake wa O1 anapangira osewera pa ayezi kuti aziphunzirira kunja nyengo yotentha, R1 ndi yomwe anapangira hockey ya matayala yeniyeni. Ndi chinthu chabwino koma chodula, ndipo chili ndi tizigawo toyenda tomwe tikatha muyenera kuitanitsa kunja, pa fumbi lathuli ine sindingayambire pamenepo. Inu simunazolowere ayezi, palibe chomwe mukuchisowa chomwe Marsblade ikubwezereni.

Size musaiwale. Chassis zimabwera small, medium, large ndipo kampani iliyonse ili ndi tchati chake, komanso size ya skate ya hockey siyofanana ndi ya nsapato, kawirikawiri imatsika ndi 1 kapena 1.5, nde 8 mukunenayo onani ngati ndi yolembedwa pa lilime la jombo. Chabwino koposa yezani soli ndi tepi, kutalika konse komanso kuchoka pakati pa chidendene kufika pomwe phazi limatambalala, manambalawo muwatumizire achemwali akayezere pa chassis yeniyeniyo. Tayala loyamba lizitulukira pang'ono kutsogolo kwa chala, lomaliza pang'ono kumbuyo kwa chidendene, mofanana.

NaBanda_Skates

Eya, ndipo popeza mwayi wa munthu wochokera ku Joni subwera kawirikawiri, muwauze akutengereninso ma ekiselo apadera awiri kapena atatu a chassis yomweyo ndi ma spacer ake, timapaipi tija tokhala pakati pa ma bearing awiri mkati mwa tayala. Ekiselo za hockey zina ndi 6mm zina 8mm, mitu yake imasiyana kampani ndi kampani, imodzi ikagwa pa court nkusowa skate yonse yaima, ndipo spacer ya 6mm siyenda pa ekiselo ya 8mm. Ma bearing okha musadandaule nawo bola matayala akhale a 608, osati a micro 688 aja. 608 ndi ya 8mm mkati, 22mm kunja, imapezeka mmashopu a ma bearing ndi kwa okonza ma mota kuno komwe, tengani yolembedwa 2RS yotseka ndi labala mbali zonse, imalimbana ndi fumbi kuposa ZZ yotseka ndi chitsulo. Zikafika mutiuze tsiku lomwe mukupita kwa Fundi, ndibwera ndi yanga muone mmene inakhalira kunsi musanaboole yanu.