Pempho: ndi mfuti zamtundu wanji zimene ndinaona m'filimu ya apandu?

Akuluakulu, ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa za mfuti, makamaka amene munagwirapo ntchito ya usilikali kapena ya upolisi. Loweruka lapitali ndinaonera filimu ya apandu kunyumba kwa alamu anga ku Kapata, kuno ku Chipata, ndipo mpaka lero tikutsutsana za mfuti zimene anthu awiri a m'filimuyo ananyamula.

Mfuti yaitali ya mkulu wa achifwamba sinativute kwenikweni, chifukwa chosungiramo zipolopolo chake n'chokhota ngati nthochi, monga zija timaona apolisi atakoleka paphewa pakhomo la banki. Alamu anga akuti ndi AK-47 basi. Koma AKM, imene asilikali a Soviet Union anayamba kugwiritsa ntchito mu 1959, imafanana nayo zedi, kungoti ndi yopepukirapo. Kodi munthu angathe kuzisiyanitsa pachithunzi chongodutsa?

Chimene chatiimitsa mitu ndi kamfuti ka wapolisi wofufuza milandu. N'kakuda, koma pamwamba pake m'potseguka moti mpope wodutsamo chipolopolo umaonekera, ndipo kumbuyo kuli kachitsulo kamene iye anakakoka ndi chala chachikulu asanaombere. Alamu anga akuumirira kuti ndi Glock 17 ya ku Austria, pamene ine ndikuganiza kuti ndi Beretta 92 ya ku Italy, popeza Glock ilibe kachitsulo koonekera kumbuyoko. Ndinaimitsa filimuyo katatu konse n'kumayang'anitsitsa, mpaka ana anayamba kunyinyirika. Kodi ndi zizindikiro zina ziti zimene ndiyenera kuyang'ana kuti mkanganowu uthe?